Malata Amene Analonjeza Gildo

Zenaida ankagulitsa buledi ndi bajiya pa kawindo kamene kale ankagulitsirapo matikiti a kanema. Kanemayo ankatchedwa Aurora, ndipo anasiya kuonetsa mafilimu iye asanabadwe. Mkati mwake munadzaza anthu, mabanja asanu ndi anayi, lililonse litatchinga mbali yake ndi mapulaiwudi, masaka ndi zitenje. Pansi panali potsetsereka, moti botolo likagwa kumtunda linkakatoledwa kumunsi kwa anthu ena. Zenaida ndi azakhali ake amene anamulera, a Tia Joaquina, ankagona pa siteji penipeni.

Lachiwiri lina m'mawa, akuyimba chapansipansi uku akudula buledi, anamva mawu pawindo.

"Tikiti imodzi, mana. Ya mpando wa kutsogolo."

Anadzutsa mutu. Anali mnyamata wamtali wa malaya oyera mbee, tepi yoyezera itakoledwa pa lamba.

"Kanema anatha kalekale, achimwene. Kwatsala bajiya."

"Sindikunena kanema. Ndikunena woyimba amene ndamumva ndili tsidya la msewu. Amayamba nthawi yanji?"

"Woyimbayo amayimbira buledi basi. Mugula kapena muchoka? Mukunditchingira makasitomala."

Mnyamatayo anacheuka. Kumbuyo kwake kunalibe ngakhale galu. Onse awiri anaphulika kuseka.

Anagula bajiya zinayi n'kudyera pomwepo choimirira. Anati dzina lake ndi Gildo, wachokera ku Maputo, ndipo iye ndi anzake agula Aurora kwa mwini wake wakale. Akufuna kuikonza kuti ikhale nyumba ya nyimbo, momwe mabandi aziyimba pamaso pa anthu, Beira yense azisonkhanamo Loweruka.

Kuseka kwa Zenaida kunathera pomwepo.

"Ndiye ife mukatitaya kuti?"

"Kutaya? Ndikuoneka ngati wotaya anthu ine? Mverani, mana. Palibe atuluke muno asanagwire kiyi wa nyumba yake m'manja. Mawu angawa muwasunge."

Pochoka analemba nambala ya foni papepala lokulungira buledi. Anifa, mnzake wa Zenaida amene ankagulitsa makala pakhomo la kanemayo, anali ataona zonse.

"Iwe Zena, malaya oyera chonchija mu fumbi la Beira lino, amamuchapira ndani?"

"Mwina amachapa yekha."

"Ehe! Wayamba kale kumuyankhira!"

Zenaida anakhala masiku atatu osaigwira nambala ija. Tsiku lachinayi anatumiza kauthenga kongofunsa za nyumba. Yankho linabwera asanaike foni pansi.

"Mbalame yanga ya pawindo! Ndimati wandiiwala. Masiku atatu ndakhala ndikuyang'ana foni ngati wodwala amayang'anira chitseko cha dokotala."

Kuyambira pamenepo foni sinkapuma. M'mawa: "Wadzuka bwanji, Zena wanga? Tiyi ndamwa wopanda shuga, ndikudikira ndimve mawu ako." Masana: "Ndili kwa ogulitsa penti. Andifunsa mtundu umene ndimakonda, ndawauza mtundu wa maso ako, akuti alibe."

Mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wokulira kuseri kwa masaka, ndani anamulemberapo zotere? Anyamata a ku doko ankangomuimbira mluzu. Uyu ankamutsegulira chitseko cha galimoto!

Lamlungu lina anamutengera ku gombe la Macuti. Anakhala pamchenga akudya nkhuku yowotcha ya tsabola ndi kumwa madzi a kokonati. Zenaida analimba mtima.

"Gildo, undiuze zoona. Ku Maputo uli ndi mkazi?"

"Ndili naye mmodzi," anatero Gildo, nkhope ili gwaa. "Dzina lake ndi amayi anga. Wachiwiri ndi uyu akundifunsa mafunso ngati wapolisiyu."

"Chitsiru iwe! Unatsala pang'ono kundipha!"

"Ukafa iwe ndikwatira ndani?"

Sabata yotsatira anabwera kudzaonekera kwa a Tia Joaquina, atanyamula chitenje ndi shuga, ndipo anagwada powapatsa moni. Atapita, Zenaida anafunsa mwachimwemwe, "Mwamuona bwanji, Tia?"

"Amayankhula bwino," anatero a Tia akupinda chitenjecho. "Bambo ako nawonso ankayankhula bwino."

Zenaida sanafune kumva zimenezo. Chimene ankamva ndi zimene Gildo anamuuza tsiku lina masana, anthu atapita kokasaka chakudya, awiriwo ataima pa siteji pafupi ndi bedi la a Tia.

"Tsinzina, Zena. Uko kuli ndowa za Anifa kukhala matebulo. Kumanzere kogulitsira zakumwa. Pamwamba magetsi ofiira ndi obiriwira. Pano woyimba ng'oma, apo magitala. Ndipo pakati penipeni, paimapo iwe."

"Ine? Ine ndimangoyimba kwaya kutchalitchi."

"Tsiku lotsegulira, woyamba kugwira maikolofoni ndi iwe. Ukamaliza nyimbo, ndidzakwera pano, ndidzagwada pamaso pa Beira yense, mphete ili m'manja. Ndikulumbira pa moyo wa amayi anga."

Zenaida analira ndi chimwemwe. Akanadziwa!

Patatha miyezi iwiri, Gildo anabwera nkhope itagwa. Zenaida anakhala naye m'galimoto.

"Chavuta n'chiyani, wokondedwa?"

"Anthu ako akukana kusaina. Loya akuti popanda aliyense kuvomera kutuluka mwakufuna kwake, nkhani ipita kukhoti, ndipo kumeneko itha zaka zisanu. Anzanga akuti ngati zili choncho, tisiye, ndibwerere ku Maputo."

"Ubwerere? Nanga ine?"

"Ndi zimene zikundidwalitsa. Ine sakundikhulupirira, ndine mlendo. Koma iwe anakuona ukukwawa. Ukawauza iwe, amva."

Tsiku lomwelo anamutengera ku Inhamizua, kunja kwa tauni. Anaima pa nyumba ya njerwa za simenti, ya malata onyezimira, chitseko chobiriwira, mpopi wa madzi pabwalo.

"Iyi ndi yoyamba. Zina zisanu ndi zitatu zili kumunsiko, akumaliza."

"Tiye tikazione."

"Msewu wake akukonza, galimoto singadutse. Tidzabweranso. Koma taona, Zena, a Tia adzakhala ndi chitseko chokiya! Adzasiya kusamba kuseri kwa saka!"

Sanabwererenso.

Lamlungu madzulo mabanja onse anasonkhana m'munsi mwa siteji. Zenaida anaima n'kuyankhula. Ananena za makoswe, za denga limene linkadontha chiyambire mphepo yamkuntho imene inawomba Beira, za ana osowa posewerera. Ananena za malata onyezimira ndi mpopi. Anthu anayamba kugwedeza mitu.

Kenako anaimirira a Languitone, nkhalamba imene inkang'amba matikiti pakhomo la Aurora kanema akadali kanema.

"Mwana iwe, ine ndakhala muno zaka zoposa makumi anayi. Mkazi wanga anatuluka pakhomo ilo ali m'bokosi. Mlendoyu sindimudziwa, ndimadziwa iwe. Ndikufunse chimodzi. Nyumbazo waziona ndi maso ako?"

Zenaida anayang'ana Gildo, amene anaima chakukhomo. Gildo anamwetulira n'kugwira pamtima.

"Ndaziona, Tio."

"Zonse?"

"Zonse."

A Languitone anakhala oyamba kudinda chala papepala. Ena onse anatsatira. Anifa yekha ndi amene anazengereza, cholembera chili m'manja.

"Zena, ndili ndi ana awiri. Ndikusainira iwe, osati malaya oyerawo."

Tsiku losamuka malole awiri anabwera. Zenaida anakwera kutsogolo, akuyimba ndi ana. Atafika ku Inhamizua, lole inadutsa nyumba ya chitseko chobiriwira osaima. Pakhonde pake panakhala mayi wachilendo akupeta mpunga, zovala za ana ake zili pachingwe.

"Dalaivala, mwadutsa! Nyumba yoyamba ndi iyo!"

"Imeneyo ndi ya aphunzitsi ena ake. Ine andiuza kumunsi."

Kumunsiko kunali dambo. Munali tizipinda tisanu ndi tinayi ta njerwa, tofika m'mapewa, topanda denga, topanda zitseko. Mpopi panalibe. Pa kachipinda kalikonse anasiyapo lona imodzi yakuda.

Ana anasiya kuyimba. Maso onse anali pa Zenaida.

Anathamangira kuseri kwa lole n'kuimba foni.

"Gildo! N'chiyani chimenechi?"

"Ndamva, wokondedwa, ndamva! Womanga uja wandipusitsa, ndikumusaka panopa. Malata ali pa doko, atuluka Lachisanu. Auze anthu apirire masiku anayi okha."

"Nanga nyumba ija unandionetsa?"

"Ndinati zidzafanana ndi imeneyo. Mwina sunandimvetse. Zena, ukundikayikira? Iwenso?"

Mawu akuti "iwenso" anamulasa. Anapukuta misozi, anabwerera kwa anthu, n'kunena molimba, "Malata abwera Lachisanu."

Lachisanu linafika n'kudutsa. Linzake linadutsanso.

Ku Aurora ntchito inali yotentha. Amisiri anagwetsa mapulaiwudi, anatulutsa zinyalala malole asanu ndi limodzi, anathira mankhwala a makoswe. Pansi potsetsereka paja anapasandutsa masitepe akuluakulu oikapo matebulo. Pamakoma anakhomapo matabwa ndi masiponji kuti mawu asamabwerere. Ndipo padenga, tsiku ndi tsiku, pankakwera malata atsopano.

Gildo anapempha Zenaida kuti atsale m'tauni, azigona m'kachipinda ka pamwamba momwe kale munkakhala makina oonetsera filimu. "Iyi ndi nyumba yathu, shuga wanga. Ndikufuna dzanja lako likhale paliponse."

Zenaida anapala makoma mpaka zikhadabo zinathothoka. Anaphikira amisiri. Anabwereka makina osokera n'kusoka makatani ofiira a pa siteji, aatali ngati mtengo wa kokonati. Malipiro sanafunse. Munthu amalipidwa pokonza nyumba yake?

Tsiku lina analoza padenga. "Gildo, malata awa abwera bwanji msanga, a ku Inhamizua akadali pa doko?"

"Awa ndi a mtundu wina. Zena, ndatopa. Aliyense akundikoka, iwenso ufuna undikoke?"

Ola lisanathe uthenga unalowa: "Pepa, mtima wanga. Ndikakukalipira ndimadzida. Tikangotsegula, ndalama yoyamba ndi ya malata. Yachiwiri ndi ya diresi lako loyera."

Mvula inayamba mu Disembala. Lamlungu lililonse Zenaida ankakwera minibasi kupita ku Inhamizua ndi buledi m'jumbo. Dambo linadzaza. Anthu ankayenda madzi ali m'mawondo, malona atang'ambika ndi mphepo. Amuna amene ankapeza maganyu pa doko anasiya kupita, chifukwa ulendo wa minibasi unkadya zonse zimene apeza. A Tia Joaquina anayamba chifuwa chosatha.

Poyamba anthu ankamufunsa za malata. Kenako anasiya kufunsa. Kenako anasiya kumupatsa moni.

Lamlungu lina anapeza Anifa akukapa madzi m'chipinda ndi mbale, mwana wamng'ono ali kumbuyo, thupi likutentha ndi malungo.

"Anifa, ndabweretsa buledi."

"Kampatse mwamuna wako."

"Akuyesetsa, mnzanga. Akangotsegula..."

"Akangotsegula! Makala anga onse anyowa, Zena. Ndigulitsa kwa ndani kuno, kwa achule? Iwe ukugona pouma, ukusoka makatani. Taona mwana wangayu! Muyang'ane! Unati zonse waziona!"

Zenaida anasiya buledi panjerwa n'kubwerera. M'minibasi analira mpaka kondakitala anaiwala kumufunsa ndalama. Komabe mumtima ankati: Gildo sangandinamize. Munthu angalumbire pa moyo wa mayi ake n'kunama?

Kutatsala masiku atatu kuti atsegule, Lachitatu masana, bandi inabwera kudzayesa zida. Zenaida anavala diresi lake la kutchalitchi. Nyimbo anali ataikonzekera milungu itatu, akuyimba pokolopa, akuyimba posoka. Anayandikira wamkulu wa bandiyo, amene ankamanga zingwe za gitala.

"Achimwene, ine ndiyeserera nthawi yanji?"

"Inu ndinu ndani?"

"Zenaida. Wotsegulira."

Mkuluyo anatulutsa pepala m'thumba n'kuliyang'ana uku ndi uku. "Pano palibe Zenaida, mana. Wotsegulira akubwera pa ndege mawa."

Asanafunse zambiri, panja panamveka phokoso. Amisiri ankakweza chikwangwani chatsopano pamwamba pa khomo. Zenaida anatuluka. Zilembo zakale za Aurora zinali zitagona m'ngalande. Zatsopano, zagolide, zinkati: CASA SOLANGE.

Solange? Solange ndi ndani?

Nthawi yomweyo galimoto ya Gildo inaima. Anatsika, anazungulira, n'kutsegula chitseko cha mbali inayo monga ankamutsegulira iye. Munatuluka mayi wonenepa bwino, wa magalasi akuda ndi nsapato zazitali. Kumbuyo kunatuluka kamtsikana ka zaka ngati zisanu, kothamanga.

"Papa, papa! Dzina la amama lili pamwamba!"

Gildo anakanyamula n'kukapsompsona. Potembenuka, maso ake anakumana ndi a Zenaida. Sanagwe, sanathawe. Anangoyang'ana kumbali ngati waona wogulitsa mtedza.

Mayi uja anavula magalasi n'kumuyang'ana Zenaida kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe Zenaida, eti? Ndakuzindikira, chithunzi chako ndinachiona. Ine ndine Solange. Gildo, lowa ndi mwana, ndikufuna ndicheze ndi mtsikanayu."

Gildo analowa. Analowa ndithu, osacheuka!

"Amayi, ine sindimadziwa," anatero Zenaida. "Anandiuza kuti alibe mkazi. Ndikulumbira, sindimadziwa."

"Ndikudziwa kuti sumadziwa. Usaope, sindinabwere kudzamenyana." Solange anaseka pang'ono. "Nyumbayi ndinagula ndine. Gildo alibe ngakhale msomali muno. Chimene ali nacho ndi pakamwa, ndipo pakamwapo pamagwira ntchito. Loya anati zaka zisanu, iye wamaliza m'miyezi itatu."

"Ndiye kuti inu... mumadziwa?"

"Mauthenga ena ankandiwerengera, tiziseka. Uja wa mtundu wa maso anayamba kundilembera ine, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ku Quelimane kunalinso wina ngati iwe, pamene tinkagula nyumba ya kumeneko. Ameneyo anavuta, anafuna kumwa mankhwala. Iwe ukuoneka wanzeru."

Zenaida anagwira khoma.

"Nanga malata a anthu aja?"

"Malata ati? Papepala anasaina panalembedwa malo ndi makoma. Malo tinapereka, makoma tinapereka. Sunawerenge?"

Sanawerenge. Akanawerengeranji, pamene amene anabweretsa pepalalo ankamutcha mtima wake?

"Makatani wasoka bwino," anapitiriza Solange. "Ndikufuna atsikana otsuka matambula. Ukafuna, ubwere Loweruka. Koma kachipinda ka pamwamba utulukemo lero, tiikamo zakumwa."

Zenaida analowa mkati mothamanga. Anamupeza Gildo kuseri kwa siteji, akuuza amisiri pokoka mawaya. Anamugwira malaya.

"Ndiyang'ane! Gildo, ndiyang'ane!"

"Tsitsa mawu, pali anthu."

"Unalumbira pa moyo wa amayi ako!"

"Amayi anga anamwalira ndili mwana, Zena."

Ananena mofatsa, ngati akumuuza nthawi. Zenaida anasiya malaya aja.

"Mabanja asanu ndi anayi, Gildo. Ana ali m'madzi. A Tia akutsokomola magazi. Anandikhulupirira ine!"

"Ine sindinawauze kuti ndaona nyumba zonse. Unawauza ndiwe."

Akanamumenya mbama zikanakhala bwino. Mawu amenewa analowa mpaka m'mafupa, chifukwa anali oona.

"Tandiuza chimodzi chokha. Unandikondako? Ngakhale tsiku limodzi?"

Gildo anayang'ana kukhomo, kuona ngati mkazi wake akubwera, kenako ananong'ona.

"Ndimakukonda mpaka pano, mbalame yanga. Solange abwerera ku Maputo sabata yamawa. Ndikupezera kachipinda ku Manga, tizionana. Palibe chisinthe."

Zenaida anamuyang'ana nthawi yaitali. Nkhope inali yomweyo, kumwetulira komweko. Anafuna kumulavulira, koma m'kamwa munali mouma. Anakwera pamwamba, anakulunga zovala zake m'chitenje, n'kutuluka. Pamene ankadutsa pakati pa matebulo, bandi inayamba kuyimba, ndipo mawu ankamveka bwino kwambiri, osabwerera ngakhale pang'ono.

Anafika ku Inhamizua cha m'ma folo, mitambo yakuda itasonkhana kale kunyanja. Anavula nsapato n'kulowa m'matope. Anthu atamuona ndi mtolo pamutu, pakati pa sabata, anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Palibe anamuitana, koma onse anabwera.

A Languitone anali pamwamba pa khoma lawo, akumanga lona ndi waya. Anatsika pang'onopang'ono.

"Wabwera, mwana iwe. Malata abwera liti?"

Zenaida anatula mtolo. Akanatha kunena kuti Lachisanu. Lilime linali litazolowera.

"Sabwera, Tio."

"Bwereza, makutu anga ndi okalamba."

"Malata sabwera. Sanagulidwe n'komwe. Gildo ali ndi mkazi, nyumba ija ndi ya mkaziyo. Anandifunsira kuti ndikutulutseni. Ndipo tsiku lija ndinakunamizani. Ndinaona nyumba imodzi yokha, nayonso ya eni ake. Zinazi sindinazione. Ndinaopa kuti mukakana, andisiya."

Mayi wina anayamba kulira chapansipansi. Bambo wina anatukwana n'kumenya chidebe ndi phazi. Anifa anayandikira mpaka mphuno zawo zinatsala pang'ono kugundana.

"Ndiye watigulitsa ndi chiyani, Zena? Nkhuku yowotcha?"

Anifa anadikira, misozi ili mbwembwembwe, kenako anatembenuka n'kupita. Mpaka lero awiriwa sayankhulana.

A Languitone sanakalipe. Anangoti, "Ndinakufunsa kawiri," n'kukweranso pakhoma lawo.

Casa Solange inatsegulidwa Loweruka lomwelo, ndipo imadzaza mpaka pano. Mabanja aja anapita kwa maloya othandiza osauka, koma zala zawo zinali papepala, ndipo nkhaniyo ikuyendabe pang'onopang'ono. Mabanja atatu anabwerera m'tauni kukagona m'makonde. A Languitone anamwalira mvula yotsatira isanafike, m'chipinda chofoleredwa theka.

Koma zimenezo zinali kutsogolo. Madzulo a tsiku limenelo, anthu atabalalika, Zenaida anatsala yekha m'matope, mvula ikuyamba kudontha. Anaopa kulowa kwa azakhali ake. Anaima pakhomo lopanda chitseko.

A Tia Joaquina anali atamva zonse. Anali ataonda, atafunda bulangete lonyowa m'mphepete, akuyesa kukweza mwendo wa bedi kuti aikepo njerwa.

"Tia, ndikhululukireni. Tia, ine..."

Foni inalira m'dzanja lake. Anayang'ana. Anali Gildo.

"Zena wanga, usakwiye motero, tikambirana. Kodi kiyi wa kachipinda ka pamwamba wamusiya pati? Solange akumufuna."

Zenaida anagwada m'madzi n'kulira mokweza, kulira kwa munthu woferedwa. A Tia anamusiya alire pang'ono. Sanamugwire paphewa, sanamuuze kuti zatha. Anatsokomola, anapukuta pakamwa, n'kuloza mwendo wa bedi.

"Kukhululuka sindinakuganizire, mwanawe, ndilibe mphamvu zake lero. Madzi akubwera. Dzuka, gwira uku."

Zenaida anadzuka n'kugwira.